Marvin Gaye asanabwere, Four Tops anali atalambula kale njira

Mukafunsa munthu wokonda nyimbo za soul kuti oimba akuda a ku America anayamba liti kupanga zimbale zomveka ngati chinthu chimodzi, zosiyana ndi mulu wa nyimbo zongotoleredwa, yankho silichedwa: Marvin Gaye, What's Going On, Meyi 1971. Wina awonjezapo Stevie Wonder, wina Curtis Mayfield kapena Isaac Hayes. Onsewa ndi amuna oimba paokha, ndipo nkhani yake imakambidwa ngati ya katswiri mmodzi amene analimbana ndi bwana wa kampani mpaka bwanayo anagonja. Nkhaniyi si yabodza, koma ndi yoduka mutu. Imasiya kunja amuna anayi a ku Detroit amene mu Malichi 1970, kutatsala miyezi 14 kuti chimbale cha Gaye chituluke, anatulutsa Still Waters Run Deep pa kampani yomweyo ya Motown. Ine ndikuti Four Tops ndiwo analambula njira, ndipo chimene chinawathandiza kutero ndi chomwecho chimene ena amawapeputsira nacho: anali gulu, anthu oimba mawu anayi pamodzi, amene nyimbo zambiri ankachita kulemberedwa.

Kuti munthu amve kukula kwa zimene anachita, ayenera kudziwa kaye mmene Motown inkagwirira ntchito. Berry Gordy anayambitsa kampaniyi mu 1959 ndi ngongole ya madola 800 yochokera kwa abale ake, ndipo asanatero anagwirapo ntchito pa fakitale ya magalimoto. Nzeru za kufakitale anazitengera ku situdiyo. Wina ankalemba nyimbo, wina n'kukonza mmene zida zilirire, akatswiri a zida otchedwa Funk Brothers n'kujambula, ndipo woimba ankabwera pomaliza kudzaikapo mawu. Lachisanu lililonse kunkakhala msonkhano wosankha nyimbo zoti zituluke ndi zoti zitsekeredwe m'kabati. Ndalama zinali pa kambale kakang'ono ka 45, ka nyimbo imodzi mbali iliyonse, nyimbo yosakwana mphindi zitatu yoti igwire munthu pa wailesi asanasinthe siteshoni. Chimbale chachikulu cha LP, chotenga mphindi pafupifupi 20 mbali iliyonse, chinalipo kuyambira 1948, koma ku Motown chinali malo osungiramo katundu: nyimbo ziwiri kapena zitatu zimene zagunda kale, ndi zina zongodzazira kuti wogula asadandaule.

Four Tops anali pakatikati pa makina amenewa. Mu 1965, nyimbo yawo ya I Can't Help Myself itafika pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America, kampani ya Columbia inafukula nyimbo yawo yakale n'kuitulutsanso kuti idyeko nawo. Gordy anapsa mtima. Olemba nyimbo ake atatu, Brian Holland, Lamont Dozier ndi Eddie Holland, anapanga It's the Same Old Song mwaliwiro, ndipo pasanathe masiku awiri inali kale m'manja mwa oulutsa mawu. Umu ndi mmene nthawiyo inalili. Chimbale chawo cha 1967 chotchedwa Reach Out chili ndi nyimbo zina zazikulu kwambiri m'mbiri ya Motown, monga Reach Out I'll Be There ndi Bernadette, koma pambali pake pali nyimbo ziwiri za gulu la The Monkees, zoikidwapo chifukwa zinali zikugulidwa. Chaka chomwecho anawaimbitsanso chimbale chathunthu cha nyimbo za m'masewero a ku Broadway.

Sindikunyoza nyimbo za mphindi zitatu zija. Ndani angamve Bernadette n'kukhala chete? Koma tamverani bwino mmene zinapangidwira. Levi Stubbs, woimba wotsogolera wa gululi, anali ndi mawu apakati, olemera, ndipo olemba aja ankamulembera dala nyimbo pamwamba penipeni pa pomwe mawu ake ankafika, kuti azimveka ngati munthu wopanikizika, wolira mofuula. Anzake atatu, Abdul "Duke" Fakir, Renaldo "Obie" Benson ndi Lawrence Payton, ankakhala kumbuyo, nthawi zambiri ataphatikizidwa ndi amayi atatu a mu situdiyo otchedwa The Andantes. Zinkakoma, zinkagulidwa. Kungoti nyimbo yotere imatha mphamvu zonse za woimba ndi womvera m'mphindi zitatu. Khumi zoterezi zikatsatizana, khutu limatopa, ndipo palibe imene imasiyira inzake malo.

Kenaka makina anathyoka. Holland, Dozier ndi Holland anakangana ndi Gordy pa nkhani ya ndalama, anasiya kulemba chakumapeto kwa 1967, ndipo nkhani inakathera kukhoti. Four Tops anatsala ngati ana amasiye, akuyendetsedwa kwa wopanga nyimbo uyu ndi uyo, akuimba nyimbo za eni. Pa nthawi yomweyo msika unali ukusintha. Achinyamata achizungu anali atayamba kugula zimbale zazikulu za rock n'kumazimvera kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo masiteshoni a FM ankalola nyimbo zazitali. Ku Memphis, Isaac Hayes anatulutsa Hot Buttered Soul mu 1969, chimbale cha nyimbo zinayi zokha, imodzi yopitirira mphindi 18. Ku Motown komweko, wopanga nyimbo Norman Whitfield anali atatengera gulu la The Temptations ku magitala aphokoso ndi nkhani za umphawi, kuyambira pa nyimbo ya Cloud Nine. Aliyense ankaona kuti Four Tops atsalira, ndipo njira yachidule inali yowaveka zovala za Whitfield.

Frank Wilson, yemwe anapatsidwa ntchito yowapangira chimbale, sanatsate njira imeneyo, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani. Iye anakumbukira kuti amuna awa anali ndani asanafike ku Motown. Anayamba kuimba limodzi mu 1953, ali anyamata a kusukulu, pa dzina la Four Aims. Kwa zaka khumi anazungulira m'makalabu ndi m'mahotela akuimba mawu anayi olukana ngati a jazz, nthawi ina akuperekeza Billy Eckstine, ndipo Payton ndiye ankagawa mawu, kuuza aliyense poti adutse. Ngakhale zoyamba zimene anajambula ku Motown zinali za jazz, kampani n'kuzitsekera m'kabati. Pofika 1970 anali atatha zaka 17 osasintha munthu ngakhale mmodzi. Luso limenelo linali litangokwiriridwa pansi pa kufuula kwa Stubbs. Wilson anatsitsa liwiro, anatsitsa mawu a wotsogolera, n'kukokera atatu aja kutsogolo.

Ikani chimbalecho mumve. Nyimbo yoyamba, Still Water, imene Wilson analemba ndi Smokey Robinson, ilibe changu chilichonse. Mawu ake ndi ochepa kwambiri, ng'oma zikugunda mofatsa, besi ikuyenda pansi mosadzionetsera, ndipo mbali yaikulu ya ntchito ikugwiridwa ndi mawu anayi oyenda pamodzi, kukwera limodzi, kutsika limodzi. Stubbs yemwe uja ankang'amba kummero akuimba ngati akulankhula ndi munthu amene wakhala naye pafupi. Ku msonkhano wa Lachisanu wa 1965 nyimbo yotere sikanadutsa, chifukwa sithamangira kukugwirani m'masekondi khumi oyamba. Ntchito yake ndi yokonza makutu anu kuti alandire zimene zikubwera. Ndiyeno mukatembenuza chimbale n'kufika kumapeto kwa mbali yachiwiri, nyimbo yakhumi ndi Still Water yomweyo, yabweranso, yodekha kuposa poyamba. Yotsegulira inalembedwa kuti ndi ya chikondi, yotsekera ya mtendere. Zisanu ndi zitatu zapakatizo zakhala mkati mwa mpanda umenewu, ndipo womvera amazimva mosiyana chifukwa cha mpandawo.

Mtendere mu 1970 sinali nkhani yopepuka. Mu Julaye 1967 mzinda wawo wa Detroit unayaka kwa masiku angapo ndipo anthu 43 anafa. Mu Epulo 1968 Martin Luther King anaphedwa. Anyamata a m'makwalala momwe Four Tops anakulira anali akubwera m'mabokosi kuchokera ku Vietnam. Kuyamba chimbale ndi chikondi cha anthu awiri n'kuchimaliza ndi pempho la mtendere kunali kunena kanthu, ngakhale popanda kutchula nkhondo ndi dzina.

Amene satsatira maganizo angawa ali ndi mfundo, ndipo yoyamba ndi yamphamvu. Amati nyimbo zinayi mwa khumizo ndi za eni. Reflections inali ya The Supremes mu 1967. Everybody's Talkin' analemba ndi Fred Neil, ndipo Harry Nilsson anali atangoitchukitsa kumene. Elusive Butterfly ndi ya Bob Lind. It's All in the Game ndi yakale kuposa zonse: maimbidwe ake anapeka mu 1911 ndi Charles Dawes, amene pambuyo pake anadzakhala wachiwiri kwa pulezidenti wa America, ndipo Tommy Edwards anaifikitsa pa nambala 1 mu 1958. Ndiye amafunsa kuti, kodi izi zikusiyana pati ndi kudzazira kuja kwa nyimbo za The Monkees?

Zikusiyana kwambiri. Pa Reach Out nyimbo za eni zinalowa ndi nkhope zawo zomwe, ndipo mukhoza kuzichotsa chimbale osamva kuwawa. Pa Still Waters Run Deep zinasankhidwa chifukwa zonse zikukamba za munthu amene waima kaye, akuyang'ana m'mbuyo, akufuna kuchoka paphokoso, akusaka chinthu chovuta kugwira. Ndipo zonse zaimbidwa ndi mpweya umodzi. Reflections ya The Supremes inali yothwanima, yodzaza ndi timaphokoso ta makina; apa yasanduka ya amuna akulu amene aona zambiri. It's All in the Game, nyimbo yoti ikanamveka yachikale, ikuyenda mwaulemu ngati inalembedwera iwo. Ife amene tinakulira pafupi ndi makwaya a mpingo tikudziwa kuti kwaya siilemba nyimbo za m'buku, koma ukaimva uli kutali umadziwa kuti ndi ya mpingo uti, chifukwa cha mmene mawu awo amagwirirana. Umodzi wa chimbale umachokera pamenepo, pa kamvekedwe ndi kasanjidwe, ndipo dzina la wolemba ndi nkhani ina. Frank Sinatra sanali wolemba nyimbo, koma chimbale chake cha 1955, In the Wee Small Hours, aliyense amachitchula ngati chimodzi mwa zoyamba kukhala ndi mutu umodzi, ndipo palibe amene amamulanda ulemuwo. Muyeso umene timayesera Sinatra tiwayesere nawonso Four Tops.

Sindikunena kuti chimbalechi chilibe chilema. Nyimbo yotamanda mzinda wa Los Angeles, imene ili pafupi ndi kumapeto, kwa ine imamveka ngati mlendo, makamaka pakamwa pa anthu amene moyo wawo wonse unali Detroit. Ndiponso pali malo ena pomwe zoimbira zanthetemya zachuluka mpaka kufuna kuphimba mawu. What's Going On ndi chimbale chachikulu kuposa ichi, cholimba mtima kuposa ichi, ndipo ndilibe nazo mkangano. Mkangano wanga uli pa funso loti chinachokera kuti.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi yoti Four Tops anali ofatsa mopitirira, amantha, pa nthawi imene dziko linkafuna mawu akuthwa. Apa mbiri ili ndi kanthu kowawa. Mu Meyi 1969 basi ya gululi inafika ku Berkeley, ku California, ndipo Obie Benson anaona ndi maso ake apolisi akumenya achinyamata ochita zionetsero pa People's Park. Zinamukhudza, ndipo anayamba kulemba nyimbo yofunsa chimene chikuchitika, mothandizana ndi Al Cleveland. Atapita nayo kwa anzake atatu, anaikana, ati ndi ya ndale. Benson anakaipereka kwa Marvin Gaye, amene anaikonzanso n'kuwonjezamo zake, ndipo inatuluka mu Januwale 1971, Gordy asakufuna. Nyimboyo ndi What's Going On. Choncho inde, pamenepa gulu linachita mantha, ndipo linataya nyimbo yaikulu kwambiri imene mmodzi wa iwo analembapo. Sindingawaikire kumbuyo. Koma nkhani yomweyi ikutsimikiza kuti mbewu ya chimbale cha Gaye inamera mkati mwa Four Tops, m'miyezi yomweyo imene Still Waters Run Deep inkapangidwa.

Ndipo tamverani zimbale ziwirizi motsatizana. Gaye sanatenge njira ya Whitfield ya magitala olusa ndi kukalipa. Anatenga liwiro lofatsa, ng'oma zamanja, zoimbira zoyandama, mawu oyankhulira pafupi, ndipo kumapeto kwa chimbale anabwereza kachigawo ka nyimbo yoyamba kuti atseke mpanda. Zonsezi zinali zitamveka kale chaka chapitacho, m'nyumba yomweyo ya Motown. Chimene Four Tops ndi Wilson anasonyeza n'chakuti nkhani yolemera ikhoza kunyamulidwa ndi mawu ofewa, ndi kuti ogula adzakhala pansi n'kumvera. Gaye anatenga chotengera chimenecho n'kuikamo nkhondo, ulova, mankhwala ozunguza bongo ndi kuwonongeka kwa chilengedwe, kuzitchula ndi maina awo.

Pali chinanso chimene okamba za "katswiri mmodzi" amachiiwala. Gaye mwiniwake anali mwana wa magulu oimba. Anaphunzira ntchito mu The Moonglows ya Harvey Fuqua chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Asanapange chimbale chake chachikulu, anayesera dzanja lake popangira nyimbo gulu la The Originals, Baby I'm for Real mu 1969 ndi The Bells mu 1970. Ndipo chinthu chimene aliyense amachizindikira pa What's Going On, mawu a Gaye awiri kapena atatu akuimba nthawi imodzi, wina pamwamba wina pansi, akuyankhana, chinayamba pomwe katswiri wa mu situdiyo analiza pamodzi majambulidwe awiri a mawu ake, Gaye n'kukonda zimene anamva. Kuyambira pamenepo anadzisandutsa gulu. Munthu amene timamutama kuti anamasuka n'kuima payekha anafunika mawu anayi kuti anene zimene ankafuna, ndipo posowa anzake atatu anadziimbira yekha onsewo.

Ena adzati ulemu wonse upite kwa Frank Wilson, poti iye ndiye anakonza zonse. Gawo lake ndi lalikulu, ndipo dzina lake liyenera kutchulidwa kuposa mmene limatchulidwira. Koma maganizo ake akanafera m'mutu pakanapanda wotsogolera wololera kutsika. Taonani zimene zinkachitika m'magulu ena a Motown. Mu 1967 dzina la Diana Ross linaikidwa patsogolo pa The Supremes, ndipo mu Januwale 1970 anachoka. David Ruffin ankafuna zomwezo ku The Temptations, ndipo anachotsedwa mu 1968. Levi Stubbs, amene mawu ake sankachepa kwa aliyense wa awa, anakana kuti dzina lake liikidwe patsogolo, anakana kupita payekha. Munthu wotere ndi amene mungamuuze kuti pa nyimbo yotsegulira chimbale aimbe motsitsa ndi kusiyira anzake malo, iye n'kuvomera. Chimbale chogwirizana chimafuna nyimbo zololerana, ina kukhala yaing'ono kuti inzake ikule, ndipo amuna awa khalidwe limenelo anali atalichita kwa zaka 17.

Magulu sanalekere pomwepo. Ku Philadelphia, Kenny Gamble ndi Leon Huff anapanga Ship Ahoy ndi The O'Jays mu 1973, chimbale chimene nyimbo yake yaikulu, yopitirira mphindi zisanu ndi zinayi, imakuikani m'sitima ya akapolo yowoloka nyanja ya Atlantic. Harold Melvin ndi The Blue Notes anabwera ndi Wake Up Everybody mu 1975. Mzere wa magulu ndi wautali ngati wa oimba paokha, kungoti olemba mbiri amakonda nkhope imodzi pachikuto.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa tabwerera ku 1965. Amene tinakula ndi makaseti tikukumbuka kuti kulumpha nyimbo inali ntchito, kotero unkamvera mbali yonse, ndipo nyimbo imene sunaikonde sabata yoyamba inkadzakhala yokondedwa mwezi wachitatu. Lero pa foni chala chimalumpha nyimbo isanafike n'komwe pakati, ndipo oimba, a kuno kwathu ndi a kunja omwe, amatulutsa imodzi imodzi, n'kudzazisonkhanitsa pambuyo pake n'kuzitcha chimbale. Sindiwaimba mlandu, situdiyo ndi yodula ndipo ndalama ili pa nyimbo imene yagunda sabata ino, monga mmene Gordy ankadziwira. Koma amene amaganiza kuti chimbale cholingaliridwa bwino ndi kutaya ndalama ayang'ane zimene zinachitika mu 1970. It's All in the Game inafika pa nambala 5 ku Britain. Still Water inafika pa nambala 11 ku America ndi nambala 10 ku Britain. Gulu limene anthu ankati latha linabwereranso pa wailesi ndi chimbale chimene sichinapangidwe mothamangitsa wailesi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu ambiri lero amawadziwa Four Tops kudzera m'zimbale zotolera nyimbo zotchuka, momwe Still Water yoyamba imaponyedwa pakati pa nyimbo zofuula za 1966 ndi 1967, ndipo yotsekera ija nthawi zambiri siipezeka n'komwe. Ikamveka motero imangokhala kanyimbo kofatsa kopumulirapo, ndipo womvera sangadziwe kuti inali khomo la chinthu chachikulu.

Ngakhale Motown yeniyeniyo sinaone chimene inali nacho m'manja. What's Going On itagulidwa kwambiri, Gaye anapatsidwa kontrakiti ya madola 1 miliyoni ndi ufulu wodzipangira nyimbo. Stevie Wonder, atakwanitsa zaka 21 mu Meyi 1971, anakambirana zake n'kupeza ufulu womwewo. Mu 1972 kampani inasamukira ku Los Angeles, maso a Gordy ali pa mafilimu, ndipo Four Tops, amene sanafune kusiya Detroit, anawalola kupita. Anakalowa ku kampani ya ABC/Dunhill, ndipo pofika 1973 anali atabwereranso m'gulu la nyimbo khumi zapamwamba ku America kawiri, ndi Keeper of the Castle ndi Ain't No Woman. Anapitiriza kuimba anayi omwewo mpaka Lawrence Payton atamwalira mu 1997, patatha zaka 44.